Henry Head

Sir Henry Head (4 Ogasiti 1861 – 8 Okutobala 1940) anali dokotala wa ku England wa matenda a ubongo ndi minyewa. Minyewa ndi timitsempha toyera tonga ulusi timene timanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo zonse za thupi, ndipo ntchito yaikulu ya moyo wa Head inali kufufuza mmene munthu amamvera kukhudzidwa, kutentha, kuzizira ndi ululu kudzera m'minyewayo. Amadziwika ndi zinthu zitatu: kafukufuku wa matenda a mashingozi amene anachita ndi Alfred Walter Campbell n'kusindikizidwa mu 1900, kulola kuti adulidwe minyewa ya mkono wake mu 1903 pofuna kuona mmene imachirira, ndi buku lake la mu 1926 lonena za anthu amene amalephera kulankhula ubongo ukavulala.

Pa zitatuzi, nkhani ya mkono ndi imene anthu amakonda kusimba, koma ntchito ya mashingozi ndi imene yakhalitsa osagwedezeka. Head anasonyeza kuti matuza a pakhungu ndi chizindikiro chabe cha matenda amene ali mkati mwa minyewa, ndipo analondola kuwonongekako kuchoka pakhungu mpaka kukalowa mumsana. Iye ankatha kuona zimenezi pa mitembo yokha. Masiku ano makina a MRI amaona njira yomweyo mwa anthu amoyo, mpaka pamene matendawa afika mu ubongo.

Ubwana ndi maphunziro

Head anabadwira ku Stoke Newington, mumzinda wa London, m'banja la ana 11. Bambo ake, amenenso dzina lawo linali Henry Head, ankagwira ntchito za inshuwalansi ku Lloyd's, ndipo mayi ake anali a Hester Beck. Makolo onse awiri anachokera m'mabanja a mpingo wa Quaker. Kuchikazi kunali wachibale wina, Marcus Beck, amene anali dokotala wa opaleshoni wodziwika mu London.

Anaphunzira pa sukulu ya Charterhouse. Asanalowe yunivesite anakakhala kwa kanthawi ku Halle, m'dziko la Germany, kumene anaphunzira Chijeremani ndiponso kuyamba maphunziro a mmene thupi limagwirira ntchito. Mu 1880 analowa koleji ya Trinity ku Cambridge, nthawi imene Michael Foster, Walter Gaskell ndi John Langley ankaphunzitsa sayansi ya thupi kumeneko. Anamaliza mu 1884 atakhoza bwino kwambiri, kenako anapita ku Prague kukagwira ntchito kwa zaka ziwiri mu labotale ya Ewald Hering. Kumeneko ankafufuza kapumidwe ka akalulu ndi ntchito ya mnyewa wotchedwa vagus. Anapeza kuti mnyewawo ukauziziritsa kuti usamagwire ntchito mokwanira, kupopera mpweya m'mapapo kumachititsa nyama kukokanso mpweya wina m'malo moleka, zomwe zinali zosemphana ndi zimene aliyense ankayembekezera. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1889 ndipo mpaka lero zimatchulidwa ndi dzina lake m'mabuku a sayansi ya kupuma.

Atabwerera kwawo anamaliza maphunziro a udokotala pa chipatala cha University College mu 1890, ndipo mu 1892 analandira digiri yapamwamba ya udokotala ku Cambridge. Anagwirako ntchito pa chipatala cha matenda a ubongo cha ku Queen Square ndi pa chipatala cha matenda a m'chifuwa cha ku Victoria Park. Mu 1896 anayamba ntchito pa London Hospital ku Whitechapel, chipatala chachikulu chimene chinkathandiza anthu osauka a kum'mawa kwa mzindawo. Anakhala pamenepo mpaka pamene anapuma.

Ululu wa mkati woonekera pakhungu

Funso loyamba limene Head analimbana nalo ndi limene madokotala ankakumana nalo tsiku lililonse: n'chifukwa chiyani chiwalo cha mkati chikadwala, munthu amamva ululu pamalo ena? Wodwala mtima amadandaula za pachifuwa ndi mkati mwa mkono wamanzere. Wa miyala mu ndulu amamva kupweteka kumsana, mmunsi mwa phewa lamanja. Wa mwala mu impso amamva ululu ukutsika kuchoka m'chiuno kupita m'mphechepeche. Head ankapima odwala otere ndi mutu wa phini, akuuyendetsa pang'onopang'ono pakhungu, ndipo anaona kuti pali madera ena amene amawawa akangokhudzidwa ngakhale khungulo lilibe vuto lililonse.

Anafotokoza kuti chiwalo cha mkati ndi dera la khungu limenelo zimatumiza mauthenga ku chigawo chimodzi cha mtsempha waukulu wa mumsana, umene umatsika kuchoka ku ubongo kudutsa mkati mwa mafupa a msana, choncho ubongo umasokoneza kumene ululu ukuchokera. Analemba zimenezi m'magazini ya Brain mu 1893, 1894 ndi 1896. Dokotala wina wa ku Scotland, James Mackenzie, ankafufuzanso nkhani yomweyi pa nthawi yomweyo. Madera amenewa amatchedwabe ndi dzina la Head, makamaka m'mabuku a Chijeremani.

Akujambula maderawo, anaona kuti akufanana kwambiri ndi mizere imene matuza a mashingozi amatsata. Apa ndi pamene panayambira ntchito yake yofunika kwambiri.

Mashingozi

Mashingozi amayamba ndi ululu wotentha kapena wolasa mbali imodzi ya thupi. Pakapita masiku angapo pamatuluka timatuza todzadza madzi, tondondozana ngati lamba amene wazungulira theka la thupi n'kukaima pakati penipeni pa chifuwa kapena pa msana. Kusadutsa pakati kumeneku kunkadabwitsa madokotala kuyambira kale. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1860, Felix von Bärensprung wa ku Berlin anapima mtembo wa munthu amene anadwala mashingozi ndipo anapeza kuti vuto linali m'kamfundo ka minyewa kapafupi ndi msana. Kamfundo kameneka, kotchedwa ganglion, ndi malo amene mumakhala maselo a minyewa yonyamula mauthenga kuchoka pakhungu. Timfundo timeneti tili tiwiritiwiri, kumanja ndi kumanzere, pa chigawo chilichonse cha msana. Umboni wa von Bärensprung ndi wa ena amene anamutsatira unali wochepa, chifukwa mashingozi kawirikawiri sapha, ndipo kunali kovuta kupeza mtembo wa munthu amene malo a matuza ake anajambulidwa mosamala ali moyo.

Vuto limeneli linatha Head atagwirizana ndi Alfred Walter Campbell, dokotala wa ku Australia amene ankapima mitembo pa chipatala cha anthu odwala maganizo cha Rainhill, pafupi ndi Liverpool. Pa chipatala ngati chimenecho odwala ankakhala zaka zambiri ndipo ambiri ankamwalirira pomwepo ndi matenda ena. Munthu akadwala mashingozi, malire a matuza ake ankajambulidwa, ndipo akadzamwalira zinali zotheka kufufuza timfundo take tonse n'kuona kamene kanawonongeka. Awiriwa anasonkhanitsa mbiri ya odwala pafupifupi 450 ndi zotsatira za mitembo 21. Ena mwa anthuwo anamwalira patangopita masiku ochepa matuza atatuluka, ena patapita miyezi yambiri, choncho zinatheka kuona matendawa pa msinkhu uliwonse. Nkhani yawo inatuluka mu Brain mu 1900 ndipo inatenga masamba oposa 150.

Zimene anaona pa maikulosikopu zinkabwerezabwereza. Matenda akangoyamba, kamfundo kamodzi kamatupa, kamadzadza maselo oyera a magazi, magazi amatayikira mkati mwake ndipo maselo a minyewa amafa. Pakapita nthawi pamatsala chipsera, ndipo kamfundoko kamakwinyika. Pogwiritsa ntchito njira ya Marchi, imene imadetsa ulusi wa minyewa umene ukufa, analondola kuwonongekako mbali ziwiri: kunja, motsata mnyewa mpaka pakhungu, ndi mkati, kudutsa muzu wa mnyewawo kukalowa mumtsempha waukulu wa mumsana n'kukwera m'zigawo zake zakumbuyo. Pa odwala mashingozi a kumaso, kamfundo kodwala kanali ka mnyewa wa trigeminal, kamene kali mkati mwa chigaza, pansi pa ubongo. Anaonanso kuti matendawa amagwira kwambiri pachifuwa, pamimba ndi pamphumi kusiyana ndi m'manja kapena m'miyendo.

Head ndi Campbell sanadziwe chimene chimayambitsa matendawa. Iwo anaona kuti odwala ena amayamba ndi kutentha thupi ndiponso kuti si kawirikawiri munthu kudwala kawiri, choncho anaganiza kuti ndi matenda obwera ndi kachilombo kenakake kamene kamakonda minyewa. Anawayerekezera ndi poliyo: monga poliyo amawononga maselo a kutsogolo kwa mtsempha wa mumsana amene amayendetsa minofu, mashingozi amawononga maselo a kumbuyo amene amamva. Kuyerekezera kumeneku kunali kolondola kuposa mmene iwo akanatha kutsimikizira pa nthawiyo.

Phindu lina linali mapu. Popeza wodwala aliyense ankasonyeza dera la khungu la kamfundo kamodzi, kuika pamodzi zithunzi za odwala mazanamazana kunapereka mapu a thupi lonse. Dera lililonse lotere limatchedwa dermatome. Charles Sherrington anali atajambula kale mapu otere pa anyani podula mizu ya minyewa, ndipo anapeza kuti madera oyandikana amalowana kwambiri. Pa mapu a Head maderawo sankalowana kwenikweni, ndipo iye anati chifukwa chake n'chakuti mashingozi amatsata malire a ululu, amene ndi opapatiza kusiyana ndi malire a kukhudza. Mapu ake anali odalirika pa chifuwa ndi pamimba, koma anali ofooka pa manja ndi miyendo, kumene odwala anali ochepa. Mu 1933 Otfrid Foerster wa ku Breslau anatulutsa mapu ena ochokera kwa odwala amene anawadula mizu ya minyewa pa opaleshoni, ndipo mu 1948 Keegan ndi Garrett anatulutsanso awo. Mapu amene ali m'mabuku a ophunzira udokotala lero amachokera ku ntchito zitatuzi, ndipo sagwirizana pa malo onse.

Kudula minyewa ya mkono wake

Pa London Hospital, Head ndi dokotala wa opaleshoni James Sherren ankapima anthu amene minyewa ya m'manja mwawo inaduka pa ngozi. Ntchitoyi sinkawakhutiritsa. Odwalawo ankatopa, ankalephera kufotokoza bwinobwino zimene akumva, ndipo sakanatha kumabwera mlungu uliwonse kwa zaka. Head anaganiza zoti wodwalayo akhale iye mwini. Pa 25 Epulo 1903 madokotala a opaleshoni anamudula minyewa iwiri ya pakhungu la mkono wamanzere pafupi ndi chigongono, kenako anaisokanso ndi ulusi wa silika. Kuseri kwa dzanja, mbali ya chala chachikulu, ndi mbali ina ya mkono zinachita dzanzi.

Wopima anali mnzake W. H. R. Rivers, katswiri wa maganizo a anthu ndi chikhalidwe cha mitundu. Head ankapita ku Cambridge kumapeto kwa mlungu n'kukakhala m'chipinda cha Rivers pa koleji ya St John's atatsinzina, pamene Rivers ankamukhudza ndi thonje, phini, timaubweya tolimba mosiyanasiyana ndi timabotolo ta madzi otentha ndi ozizira. Anachita zimenezi masiku 167 mpaka mu Disembala 1907. Anapeza kuti kumva kumabwerera m'magawo awiri. Patapita milungu ingapo kunabwerera kumva kosalongosoka: phini inkawawa mopitirira muyezo, ululu unkafalikira, ndipo Head sankatha kuloza bwino pamene wabayidwa. Kumva kosiyanitsa zinthu zing'onozing'ono, monga kukhudza kwa thonje kapena kufunda pang'ono, kunabwera mochedwa kwambiri, pamalo ena patadutsa chaka. Gawo loyamba analitcha protopathic ndipo lachiwiri epicritic, n'kunena kuti ndi magulu awiri a minyewa, lakale ndi latsopano, ndipo latsopanolo limaletsa lakale kuti lisapitirire malire. Anasindikiza zotsatirazi mu 1908, chaka chimene Head analandira mendulo ya Royal Medal kuchokera ku bungwe la Royal Society, limene linamusankha kukhala membala mu 1899.

Maganizo amenewa sanapirire. Wilfred Trotter ndi Morriston Davies anadzidula minyewa yawo n'kulemba mu 1909 kuti sanaone magawo awiri olekana chonchi, ndipo Edwin Boring wa ku America anapezanso zosiyana mu 1916. Mu 1942 Francis Walshe analemba nkhani yotsutsa mwamphamvu chiphunzitso chonsecho. Chofooka chake chinali choonekeratu: wopimidwa anali munthu mmodzi, amenenso anali mwini chiphunzitso. Komabe ululu wopitirira muyezo umene Head anaufotokoza pa khungu limene minyewa yake yawonongeka ndi weniweni. Ndi umene anthu ena, makamaka okalamba, amatsala nawo kwa miyezi kapena zaka matuza a mashingozi atapola, moti ngakhale malaya kukhudza khungu amalephera kupirira.

Banja ndi anzake

Mu 1904 Head anakwatira Ruth Mayhew, amene anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya atsikana ku Brighton ndipo pambuyo pake analemba mabuku. Analibe ana. Head ankakonda nyimbo, zisudzo ndi mabuku, ndipo mu 1919 anatulutsa buku la ndakatulo zake lotchedwa Destroyers and Other Verses. Anthu amene ankamudziwa ankamufotokoza ngati munthu wolankhula kwambiri, wokhala ndi maganizo pa nkhani iliyonse, koma woleza mtima akakhala ndi wodwala. Mu Seputembala 1913 wolemba mabuku Virginia Woolf anabwera naye kwa iye atadwala maganizo. Madzulo a tsiku lomwelo Woolf anamwa mankhwala ogonetsa ochuluka kwambiri, ndipo Head anali mmodzi mwa madokotala amene anamupulumutsa usiku umenewo. Wolemba ndakatulo Siegfried Sassoon anakhala mnzake wapamtima makamaka Rivers atamwalira mu 1922.

Ubongo, nkhondo ndi kulankhula

Atamaliza ndi minyewa ya pakhungu, Head anapitiriza kulondola njira ya mauthenga kulowera mkati. Mu 1906 iye ndi Theodore Thompson analemba za mmene mauthenga amagawikira mumtsempha wa mumsana. Mu 1911 iye ndi Gordon Holmes anafotokoza zimene zimachitika ubongo weniweniwo ukavulala, kuphatikizapo ululu woopsa umene umabwera mbali yotchedwa thalamus ikawonongeka. M'nkhani yomweyo ananena kuti ubongo umasunga chithunzi cha thupi chimene chimasintha munthu akamayenda, ndipo n'chifukwa chake munthu amadziwa pamene pali dzanja lake ngakhale mumdima.

Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse anasiya odwala ake olipira n'kukagwira ntchito pa Empire Hospital ku London, kumene ankagonekako akuluakulu a asilikali ovulala ubongo ndi msana. Iye ndi George Riddoch anafotokoza mu 1917 mmene chikhodzodzo, thukuta ndi miyendo zimachitira mwa munthu amene mtsempha wa mumsana waduka. Asilikali achinyamata owomberedwa m'mutu anamupatsanso mwayi wofufuza vuto la kulephera kulankhula kapena kumva mawu, lotchedwa aphasia. Potsatira maganizo a John Hughlings Jackson, Head anatsutsa madokotala amene ankajambula ubongo ngati kuti uli ndi timabokosi tapadera ta kulankhula, kuwerenga ndi kulemba. Anagawa vutoli m'mitundu inayi ya iye mwini, koma kagawidwe kameneko sikanafale. Buku lake la mavoliyumu awiri, Aphasia and Kindred Disorders of Speech, linatuluka mu 1926. Nkhani zake za kumva zinali zitasonkhanitsidwa kale mu 1920 m'buku la Studies in Neurology. Kwa zaka zambiri analinso mkonzi wa magazini ya Brain.

Matenda ndi imfa

Cha m'ma 1919 Head anayamba kuona zizindikiro za matenda a Parkinson, amene amanjenjemeretsa ndi kuumitsa thupi. Chaka chomwecho anapuma pa London Hospital. Anamaliza buku la aphasia akudwala kale. Mu 1927 anapatsidwa ulemu wa Sir. Iye ndi mkazi wake anasamukira ku Dorset, kumene ankachezerana ndi wolemba mabuku Thomas Hardy, ndipo kenako anakakhala ku Hartley Court pafupi ndi Reading. Kwa zaka zoposa 20 matendawa anamulanda pang'onopang'ono kulemba, kuyenda ndi kudzisamalira, koma nzeru zake zinali zakuthwabe, ndipo ankafotokozera madokotala anzake mmene matendawo akuyendera m'thupi mwake monga anachitira ndi mkono uja. Ruth anamwalira mu 1939. Head anamwalira ndi chibayo pa 8 Okutobala 1940 ali ndi zaka 79. Chuma chake chambiri anasiyira Royal Society kuti chithandize kafukufuku wa zamankhwala.

Mashingozi ndi ubongo pambuyo pa Head

Kachilombo kamene Head ankakaganizira kanadziwika iye atamwalira. János Bókay wa ku Budapest anali ataona kale, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kuti ana amadwala katsabola akakhala pafupi ndi munthu wa mashingozi. M'zaka za m'ma 1950 Thomas Weller wa ku Harvard anakwanitsa kukulitsa kachilomboka mu labotale kuchokera ku matenda onse awiri n'kusonyeza kuti ndi kamodzi, kamene tsopano kamatchedwa varicella-zoster. Mu 1965 Edgar Hope-Simpson, dokotala wa m'tauni ya Cirencester amene anatsata odwala ake kwa zaka 16, anafotokoza kuti munthu akachira katsabola, kachilomboka kamabisala m'timfundo ta minyewa kwa moyo wonse ndipo kamadzuka chitetezo cha m'thupi chikatsika. Timfundo timeneti ndi tomwe tija Campbell ankadula ku Rainhill. Ukalamba, khansa, mankhwala ofooketsa chitetezo ndi HIV ndi zimene zimatsegula njira. N'chifukwa chake mashingozi anafala kwambiri pakati pa achinyamata ndi anthu a zaka zapakati m'maiko a pakati ndi kum'mwera kwa Africa kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo bungwe la WHO limawaika pa zizindikiro za gawo lachiwiri la matenda a HIV.

Kachilomboka kakadzuka sikayenda kulowera kukhungu kokha. Mu 1907 James Ramsay Hunt wa ku New York, pomanga pa ntchito ya Head ndi Campbell, anafotokoza mashingozi a m'khutu amene amabwera ndi kupuwala kwa mbali imodzi ya nkhope, nthawi zina limodzi ndi kugontha ndi chizungulire. Pambuyo pake kunadziwikanso kuti kachilomboka kamatha kutupitsa mtsempha wa mumsana, zikutiro za ubongo ndi ubongo weniweniwo. Vuto loopsa kwambiri ndi la mitsempha ya magazi. Mnyewa wa trigeminal uli ndi nthambi zimene zimafika pa makoma a mitsempha ikuluikulu ya magazi ya mu ubongo, ndipo kachilomboka kamatsata nthambizo n'kulowa m'khoma la mtsempha. Khomalo limatupa, njira ya magazi imachepa kapena kutsekeka, ndipo munthu amachita sitiroko. Chitsanzo chodziwika ndi cha munthu amene anadwala mashingozi a pamphumi ndi diso, nachira, koma patapita milungu kapena miyezi n'kufa ziwalo mbali ina ya thupi, yosiyana ndi kumene kunali matuza. Zoterezi zimachitikanso kwa ana ena miyezi ingapo atadwala katsabola.

M'nthawi ya Head panalibe njira yoonera zimenezi mwa munthu wamoyo. Ekisileyi, imene inatulukiridwa mu 1895, inkaonetsa mafupa a chigaza koma osati ubongo. Kujambula mitsempha ya magazi ya mu ubongo kunayamba ndi Egas Moniz wa ku Portugal mu 1927, sikani ya CT inajambula wodwala woyamba mu 1971, ndipo MRI inafika m'zipatala m'zaka za m'ma 1980.

Pa zithunzi za MRI, zambiri zimene zimaoneka zimatsata njira imene Head ndi Campbell anailondola. Mwa wodwala mashingozi a kumaso, nthawi zina pamaoneka kamzere kowala mu tsinde la ubongo, mbali yomweyo ya matuza, kutsika motsata njira ya mnyewa wa trigeminal mpaka kumtunda kwa khosi. Mtsempha wa mumsana ukatupa, malo owala amakhala kawirikawiri pa chigawo chogwirizana ndi dera la khungu limene linatuluka matuza, makamaka chakumbuyo. Kafukufuku wina wa ku Finland wa mu 1998 anajambula anthu 16 a mashingozi a kumaso ndi m'khosi, ndipo 9 mwa iwo anapezeka ndi zizindikiro zotere mu tsinde la ubongo kapena mumtsempha wa m'khosi. Pa matenda a Ramsay Hunt, wodwala akabayidwa mankhwala owalitsa a gadolinium, mnyewa wa nkhope umawala mkati mwa fupa la khutu, nthawi zina limodzi ndi mnyewa wa kumva. Wowerenga chithunzi amayenera kusamala pamenepa, chifukwa mbali zina za mnyewa wa nkhope zimawala pang'ono ngakhale mwa munthu wabwinobwino.

Mitsempha ya magazi ikagwidwa, chithunzi chimasintha. MRI imaonetsa malo amene ubongo wafa chifukwa chosowa magazi, nthawi zambiri angapo ndiponso a misinkhu yosiyana, ena mkati mwenimweni mwa ubongo ndipo ambiri pa malire a chigawo chotuwa chakunja ndi chigawo choyera chamkati. Nthawi zina pamakhala kukha magazi kapena mtsempha wofufuma. Zithunzi za mitsempha zimaonetsa malo opanikizika otsatizana ndi malo otakasuka, ngati mikanda pa ulusi, ndipo njira zatsopano za MRI zimatha kuonetsa khoma lenilenilo la mtsempha litakhuthala ndi kuwala. Mwa ana, vuto limakonda kukhala kumapeto kwa mtsempha wa carotid ndi poyambira mtsempha wapakati wa ubongo, mbali imodzi. Mwa anthu amene chitetezo chawo chatsika kwambiri, monga odwala Edzi, timitsempha ting'onoting'ono timagwidwa ndipo pamaoneka timadontho tambiri tozungulira m'chigawo choyera, kapena kutupa kwa makoma a timaphanga ta madzi ta mkati mwa ubongo. Izi zimasiyana ndi matenda a ubongo obwera ndi kachilombo kachibale ka herpes simplex, amene amakonda zigawo za ubongo za m'mbali, pafupi ndi makutu. Sikani ya CT imaonetsa bwino magazi otayika ndi sitiroko yaikulu, koma matenda akangoyamba imatha kuoneka yabwinobwino.

Chithunzi pachokha sichitsimikizira kuti wolakwa ndi varicella-zoster, chifukwa TB, chindoko ndi matenda ena a mitsempha amatha kuoneka chimodzimodzi. Komanso pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amene kachilomboka kagwira mitsempha ya mu ubongo sakhala ndi mbiri ya matuza, choncho chizindikiro cha pakhungu chimene Head ankadalira chimasowa. Madokotala amatenga madzi a mumsana n'kufufuzamo DNA ya kachilomboka ndi asilikali a m'thupi olimbana nako, ndipo pa matenda a mitsempha asilikaliwo ndi amene amapezeka kawirikawiri kuposa DNA. Mankhwala ake ndi aciclovir wodzera mu diripi, nthawi zambiri kwa masiku 14. Katemera wa katsabola anapangidwa ndi Michiaki Takahashi ku Japan mu 1974, ndipo katemera wa mashingozi wa anthu achikulire anavomerezedwa ku America mu 2006, wina wamphamvu kuposa woyambayo n'kutsatira mu 2017.